Zisudzo Si Kutaya Nthawi

Anzanga, tisanamizane. Ambirife pano timaona a kalabu ya drama ngati anthu osowa chochita. Akamayeserera pansi pa mtengo timawaseka, ati akuthawa kuwerenga. Ine ndikuti tikulakwa.

Taganizani za Du Chisiza Jr. Naye anayambira kusukulu, ku HHI ku Blantyre. Mu 1982 sewero lake, The Deceased's Attack, linapambana pa mpikisano wa zisudzo wa masukulu m'dziko muno. Mu 1987 anayambitsa Wakhumbata, gulu loyamba m'Malawi la anthu odyera zisudzo basi. Ankalemba yekha, kuphunzitsa osewera, n'kuseweranso. Nthawi imene anthu ankaopa kutsegula pakamwa, iye ankanena zovuta za dziko kudzera pa siteji. Anamwalira mu 1999 ali ndi zaka 35 zokha, atalemba masewero oposa 20.

Mwina muti, "Ameneyo anali wa m'tauni, ife ndi a CDSS." Inde, labu tilibe, mabuku ndi ochepa. Koma sewero silifuna labu. Limafuna nkhani, mawu ndi kulimba mtima, ndipo izi tili nazo zambiri.

Ndiye tsiku la makalabu likafika, m'malo mosuzumira pawindo n'kumaseka, lowani mudzayese nawo.