Sistema Ikagwa Amalira ndi wa Kumudzi

Pali mawu awiri amene munthu wa kumudzi amaopa kuwamva akafika pa zenera la banki kapena la ofesi ya Boma ku Lichinga. Mawuwo ndi akuti "sistema palibe". Tsidya la Malawi, ku Namwera kapena ku Mangochi, amati "netiweki yavuta", koma tanthauzo lake ndi limodzi: bwererani, mudzabwerenso mawa. Kwa munthu wokhala m'tauni mawa si patali. Koma kwa mphunzitsi wochokera ku Metangula, kapena mlimi amene wakwera chapa ku Mandimba, ulendo wa makilomita pafupifupi 150, kudzafuna pasipoti, liwu lakuti mawa limatanthauza ndalama ina ya chakudya, ya malo ogona, ndi tsiku lina lotayika kumunda.

Ambiri amalandira zimenezi ngati tsoka la mvula ya matalala, lopanda woliyambitsa. Zoona zake n'zakuti makina a kompyuta sangofa okha. Ali ngati nkhokwe: ikagwa, anthu amafunsa kuti mwini wake anaimata liti, anaifolera liti, ndipo ndani anali kuilondera. Masiku ano malipiro a aphunzitsi ndi anamwino a ku Niassa amadzera m'makina a Boma otchedwa e-SISTAFE, chiphaso cha BI chimalembedwa pa kompyuta, ndipo ndalama za fodya ndi nyemba zimayenda pa foni. Walira mvula walira matope. Amene walandira makina walandiranso ntchito yowasamala.

Phunziro loyamba linabwera Lachisanu pa 16 Novembala 2018. Tsiku limenelo makina otulutsa ndalama a ATM ndi timakina tolipirira ndi khadi m'masitolo anasiya kugwira ntchito m'dziko lonse la Mozambique, kuyambira ku Maputo mpaka ku Lichinga. Panalibe mbala imene inathyola, panalibenso mphenzi. Mabanki ambiri anali atalumikizidwa pa netiweki imodzi ya kampani ya SIMO, imene mwini wake wamkulu ndi Banki Yaikulu ya dzikolo, ndipo pulogalamu yoyendetsa netiwekiyo inali ya kampani ya ku Portugal yotchedwa BizFirst. Mbali ziwirizi zitasemphana pa nkhani ya malipiro ndi chilolezo chogwiritsira ntchito pulogalamuyo, makina anatsekeka. Kwa masiku pafupifupi asanu anthu anali ndi ndalama m'mabuku a banki koma m'thumba mulibe, ndipo mizere inatalika m'mabanki. Amene anapulumuka ndi a banki ya Millennium bim, chifukwa pa nthawiyo inali isanalowe m'netiweki imeneyo.

Nkhani imeneyi ndi ya kiyi. Munthu akhoza kumanga nkhokwe yaikulu ndi kuidzaza chimanga, koma ngati kiyi wake akusungidwa ndi mlendo wa kutali, tsiku limene adzayambane naye ana adzagona ndi njala chimanga chiri pomwepo. N'chifukwa chake bungwe lirilonse logula makina, kaya ndi banki, chipatala kapena sukulu, liyenera kudziwa lisanasaine kuti nambala zachinsinsi zotsegulira makinawo adzasunga ndani, chilolezo chidzatha liti, ndipo ndani wa m'derali amene waphunzitsidwa kuwakonza wogulitsa akachoka.

Phunziro lachiwiri linachokera tsidya lina la malire. Kumayambiriro kwa 2024 nthambi ya Boma la Malawi yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko inasiya kusindikiza mapasipoti kwa milungu ingapo. Pa 21 Febuluwale chaka chimenecho, a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, anauza nyumba ya malamulo kuti akuba a pa kompyuta analowa m'makina a mapasipoti ndipo anali kufuna dipo, koma Boma silidzalipira. Ena anatsutsa, nati gwero la vutolo linali mkangano ndi kampani imene inakhazikitsa makinawo. Kaya zoona zinali ziti, amene anavutika ndi achinyamata ofuna kupita ku Joni kukagwira ntchito, odwala ofuna chithandizo kunja ndi amalonda a m'malire. Kusindikiza kunayambiranso m'mwezi wa Malichi.

Umbava wofuna dipo umayenda motere. Wakuba amatumiza kalata ya pa kompyuta yooneka ngati yochokera kwa bwana kapena ku banki. Kalaliki akaitsegula, kachirombo kamalowa, n'kufalikira m'makina onse olumikizana, kenaka kamatseka zolembedwa zonse kuti zisawerengeke. Ndiye pamatuluka uthenga wakuti mwini wake alipire kuti amutsegulire. Mankhwala ake mlimi aliyense amawadziwa: mbewu siisungidwa pamodzi ndi chimanga chakudya. Akatswiri amalangiza kuti zolembedwa zofunika zikhale ndi makope atatu, osungidwa pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kwina, losalumikizidwa ku netiweki. Kopelo liyeneranso kumayesedwa kawirikawiri, pakuti mbewu imene sinayang'anidwe chaka chonse imapezeka itafumbwa pa tsiku lobzala.

Chachitatu ndi kumata ming'alu. Pulogalamu iriyonse ya kompyuta imakhala ndi timipata tolowera akuba, ndipo opanga akatipeza amatumiza zigamba zotsekera. Mu Meyi 2017 kachirombo kotchedwa WannaCry kanagwira makompyuta m'mayiko pafupifupi 150, ndipo zipatala zambiri za ku Britain zinabweza odwala. Chomvetsa chisoni n'chakuti kampani ya Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu Malichi chaka chomwecho, koma ambiri anali asanachiike. Nkhaniyi ikukhudza maofesi a m'maboma a Niassa chifukwa makompyuta ambiri a mphatso amakhala akale. Microsoft inasiya kutumiza zigamba za Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo thandizo la nthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 Okutobala 2025. Kompyuta yotere ikhoza kulembabe makalata bwinobwino, koma kuilumikiza ku intaneti ndi kusungiramo maina a odwala kapena mayeso a ana kuli ngati kugona m'nyumba yopanda chitseko. Akuba a mtundu umenewu saona kutalika kwa dziko: mu Febuluwale 2022 masamba a pa intaneti oposa 30 a Boma la Mozambique, kuphatikizapo la unduna wa za chitetezo, analandidwa kwa kanthawi ndi gulu limene linkadzitcha kuti ndi la ku Yemen.

Komabe adani ambiri a makina ku Lichinga sachokera kunja. Mzindawu uli pa chitunda chotalika mamita oposa 1,300, ndipo m'dzinja mvula yake imabwera ndi mphenzi. Mphenzi ikagunda chingwe cha magetsi kapena mlongoti wa netiweki, moto wake umayenda m'mawaya mpaka kukaotcha makina m'nyumba. Magetsi nawonso amafika pa chingwe chachitali chodzera ku Cuamba, ndipo akazima mwadzidzidzi kompyuta iri pakati polemba, zolembedwazo zikhoza kuonongeka. Ofesi yosamala imakhala ndi waya wotsitsira mphenzi m'nthaka, ndiponso bokosi la batire lotchedwa UPS limene limapatsa kalaliki mphindi zingapo zakuti asunge ntchito yake ndi kuzimitsa makina mwadongosolo. Batire limenelo limakalamba pakapita zaka zochepa, ndipo lofunika kulisintha lisanafe. M'chilimwe mdani ndi fumbi, limene limatseka timabowo ta mpweya mpaka makina kutentha. Kupukuta fumbi, kutseka mazenera ndi kukweza makina pa tebulo si ntchito yofuna digiri, koma imatalikitsa moyo wa chipangizo cha ndalama zambiri.

Mdani wina amalowa ndi anthu omwe. Kafulashi kamene kayenda m'malo ojambulitsira mapepala ndi otsitsira nyimbo kamanyamula tizirombo monga momwe thumba lakale limanyamulira anankafumbwe kupita nawo ku chimanga chatsopano. Nambala yachinsinsi yolembedwa pa kapepala n'kumatidwa pa kompyuta ndi kiyi wosiyidwa pa chitseko. Ndipo pamene anthu asanu a mu ofesi imodzi akulowa ndi nambala imodzi, ndalama zikasowa palibe amene angaloze mnzake. Aliyense ayenera kukhala ndi nambala yakeyake, ndipo wantchito akachoka kapena akasamutsidwa, nambala yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Netiweki nayo imafuna njira ziwiri, monga mudzi umene uli ndi mlatho umodzi umasanduka chilumba mtsinje ukadzaza. Pa 12 Meyi 2024 zingwe ziwiri za intaneti zodzera pansi pa nyanja ya mchere, za EASSy ndi Seacom, zinaduka, ndipo intaneti inavuta ku Mozambique, Malawi, Tanzania ndi mayiko ena. Kumtunda kuno zingwe zimadulidwa ndi okonza misewu, moto wa m'tchire ndi akuba. Amene amakumba chingwe cha netiweki poganiza kuti muli mkuwa amangodzivutitsa, chifukwa chingwe cha fibra m'kati mwake muli timaulusi ta galasi tosagulika pa msika, koma akachidula amatseka banki, chipatala ndi mafoni a boma lonse. Mafumu ndi anthu okhala m'mbali mwa msewu wa Lichinga ndi Mandimba ndiwo alonda oyamba a chingwe chimenecho.

Munthu wa kumudzi nayenso ali ndi kompyuta yake, ngakhale saitchula choncho. Foni imene muli M-Pesa, e-Mola kapena mKesh, kapena Airtel Money ndi Mpamba kwa amene amagwiritsa ntchito manambala a ku Malawi, ndi kankhokwe ka m'thumba, ndipo malamulo ake ndi omwewo. Nambala ya PIN siuzidwa munthu, ngakhale ejenti kapena woimba foni amene akuti ndi wa ku kampani, chifukwa kampani yeniyeni siifunsa. Isakhale chaka chobadwira kapena 1234. Agogo amene amapatsira mdzukulu foni ndi PIN kuti akawatapire ndalama adziwe kuti apereka kiyi, ndipo ndi bwino kupita naye limodzi kwa ejenti. Uthenga wakuti munthu wapambana mphotho pa mpikisano umene sanalowe, kapena wakuti ndalama ija aitumize pa nambala yatsopano, ndi msampha wakale. Apolisi a ku Malawi akhala akunena kuti ena mwa otumiza mauthenga oterewa amachita zimenezi ali m'ndende ya Zomba. Safunsa anadya phula: asanatumize kanthu, munthu ayambe waimbira m'bale wakeyo pa nambala imene amaidziwa kale.

Pali umbava wina wofunika kuudziwa. Wakuba amapita ku sitolo ya kampani ya mafoni ndi zikalata zabodza, n'kunena kuti SIM yake yatayika, ndipo amapatsidwa yatsopano ya nambala ya munthu wina. Foni ya mwini wake imangoti zii, ndipo mauthenga onse a banki amapita kwa wakubayo. Ku Mozambique mabanki ndi makampani a mafoni anagwirizana kuti banki izitha kuona ngati SIM yasinthidwa posachedwa isanalole ndalama kutuluka, ndipo njirayi inachepetsa umbavawu. Komabe m'malire muno, kumene netiweki imabwera ndi kupita, n'kosavuta kuganiza kuti ndi mlongoti wavuta. Chizindikiro chake ndi ichi: mafoni a anzake a kampani yomweyo akugwira koma yake yokha ayi. Zikatero munthu asadikire mawa, abwereke foni n'kudziwitsa kampani ndi banki nthawi yomweyo.

Popeza palibe makina amene sadzavuta, wanzeru amakonzekeratu. Chiphaso cha BI, kalata ya ubadwa, khadi la kuchipatala ndi malisiti a fodya ndi bwino kuzijambulitsa, makope ake n'kusungidwa m'pulasitiki kwa m'bale wodalirika, kutali ndi chiswe ndi moto. Uthenga wotsimikiza kuti ndalama zatumizidwa usafufutidwe msanga. Ndalama zonse za pa nyengo yogulitsa zisakhale pamalo amodzi. Ndipo asanakwere chapa kupita ku Lichinga, munthu aimbire wachibale wa m'tauni kuti akaone ngati ofesiyo ikugwira ntchito.

Nawonso akuluakulu a maofesi ali ndi mangawa kwa anthu amenewa. Pa misonkhano ya m'maboma, pamene mafumu ndi oimira anthu amafunsa za mijigo ndi milatho, ndi poyenera kufunsanso kuti makope a zolembedwa za anthu amasungidwa kuti, jenereta iri ndi mafuta kapena ayi, ndipo sistema ikagwa ofesi iri ndi njira yanji yolandirira mapepala a munthu wochokera kutali kuti asayende ulendo umodzi kawiri. Ndalama yogulira makina atsopano imapezeka msanga chifukwa pamakhala mwambo wodula riboni, koma ya batire, ya zigamba ndi ya malipiro a mmisiri imaiwalika. Madzi akatayika saoleka, ndipo kaundula wa anthu a boma lonse akafufutika, kumulembanso kumatenga zaka.