Mtedza Wophika Si Wochita Nawo Manyazi

Ku South Carolina, m'dziko la America, mtedza wophika unalowa m'malamulo. Mu 2006 boma la kumeneko linauvomereza kukhala chokhwasula-khwasula choimira dera lonselo. Kum'mwera kwa America amauphika ndi makoko omwe m'madzi amchere, n'kumaugulitsa m'mbali mwa msewu, monga timachitira kuno ukangokumbidwa mu Epulo ndi Meyi.

Nanga ife bwanji timachita nawo manyazi m'minibasi, n'kuthamangira zam'mapaketi? Ndalama ya mtedzatu imathera kwa mayi wogulitsayo ndi mlimi wa ku Mchinji. Chachikulu, gulani wophikidwa lero, chifukwa ukagonera potentha suchedwa kusasa.

Ndiye musaubise m'chikwama, abale, tafunani poyera. Makoko okhawo musataye pawindo.