TIDZIWE ZA MAKINA: Nyumba imodzi, alendo ambiri

Pa 14 October caka ca 2025, kampani ya Microsoft ya ku America inaleka kusamalira Windows 10. Kucokera tsiku limenelo, zigamba zotseka ming'alu imene mbala za pa intaneti zilowerapo sizitumizidwanso kwa anthu onse, kupatula okhawo amene analembetsa pa makonzedwe apadera. Izi si zacilendo ai. Windows XP inasiyidwa cimodzimodzi m'caka ca 2014, ndipo Windows 7 inatsatira mu January 2020. Koma nthawi zonse zotere zikacitika, m'maofesi, m'masukulu ndi m'masitolo mumveka dandaulo limodzi: pulogalamu yathu yowerengera ndalama iyenda pa Windows yakale yokha, nanga tikagula kompyuta yatsopano mabuku athu a zaka zonsezi tidzawatsegula ndi ciani?

Ena ayankha funsoli mwa kuumirira pa makina akale, naika cuma ca bungwe lao pa khomo lopanda citseko. Ena agula kompyuta yatsopano ndi kusunga yakale pambali, makalata kuno, maakaunti uko, kufikira tsiku lina aiwala kumene anaika cikalata cofunika. Makolo anati mapanga awiri abvumbwitsa. Awerengi okondedwa, ilipo njira yacitatu, ndipo ndiyo nkhani yathu mlungu uno.

Tiyambe ndi kumvetsa cinthu cimodzi. M'kompyuta iliyonse muli pulogalamu yaikulu imene ilamulira zinzake zonse. Pa Cingerezi ichedwa operating system, koma ife tingaiyerekeze ndi kapitao. Ndiye agawira mapulogalamu ena malo ogwirira nchito, ndiye asunga mafailo, ndiye alankhula ndi makina osindikizira. Windows ndi kapitao wotere, Linux ndi wina, macOS ya kampani ya Apple ndi winanso. Pulogalamu yolembedwera kapitao mmodzi kawirikawiri simvana ndi mnzake, ndipo nthawi zina ikana ngakhale mwana wa kapitao yemweyo. Apa ndi pamene pagona bvuto la makalaliki athu.

Mwacizolowezi kompyuta imvera kapitao mmodzi pa nthawi imodzi. N'zotheka kuikamo awiri, koma pofuna kucoka kwa uyu kupita kwa uyo muyenera kuzima makina ndi kuwayatsanso. Nzeru imene tikukamba lero, yochedwa virtualization, icotsa cobvuta cimeneci. Muika pulogalamu ina yapadera, imene akatswiri aicha hypervisor, ndipo iyo imanga kompyuta yongoyerekezera m'kati mwa kompyuta yeniyeni. Ipatula gawo la memori, ipatula gawo la mphamvu ya purosesa, nitenga failo imodzi yaikulu kuti ikhale ngati disiki. M'cipinda cimeneci mulowetsa kapitao waciwiri. Iye aganiza kuti nyumba yonse ndi yake, cikhalireco ali m'kawindo kamodzi cabe pa sikirini yanu. Nkuona akatswiri acha kompyuta yeniyeni mwini nyumba, ndipo yongoyerekezerayo aicha mlendo. Ngati malo alipo, alendo angakhale awiri kapena atatu, onse nagwira nchito pa nthawi imodzi.

Nzeru imeneyi ndi yakale kuposa m'mene ambiri aganizira. M'caka ca 1967, dziko lathu litangotha zaka zitatu lili pa ufulu, akatswiri a kampani ya IBM ku Cambridge, m'cigawo ca Massachusetts, anali kale kuyendetsa pulogalamu yochedwa CP-40. Masiku amenewo kompyuta imodzi inali kudzaza cipinda ndipo mtengo wake unali woopsa, motero kunali kofunika kuti anthu ambiri agawane makina amodzi, aliyense naona ngati ali ndi akeake. M'caka ca 1972 IBM inatulutsa nzeruyi pa dzina lakuti VM/370. Conco mai wake wa nzeru imeneyi ndi kusowa, ndiye cifukwa cake iyenera kutikomera ife amene tiwerenga ngwee iliyonse.

Pa makompyuta ang'ono a pa tebulo inafika mocedwa. Kampani ya VMware inatulutsa pulogalamu yake yoyamba m'caka ca 1999. Pambuyo pake opanga mapurosesa anaika thandizo la nchitoyi m'kati mwa purosesa momwe, Intel m'caka ca 2005 ndi AMD m'caka ca 2006, ndipo alendo anayamba kuyenda mofulumira. M'caka ca 2007 kampani ya ku Germany yochedwa Innotek inapereka VirtualBox kwa anthu onse kwaulere. Kucokera mu 2010 pulogalamuyi ili m'manja mwa Oracle. Caka comweco ca 2007 Linux inalandira hypervisor yakeyake yochedwa KVM. Microsoft nayo ili ndi Hyper-V, imene ipezeka mu Windows ya mtundu wa Pro, ndipo mu November 2024 VMware Workstation inakhala yaulere kwa aliyense. Tero cida cilipo, ndipo sicilira ndalama.

Nanga phindu lake n'lotani? Loyamba ndi la kalaliki uja. Agula kompyuta yatsopano yokhala ndi kapitao wotetezedwa bwino, kenaka aika Windows yakale monga mlendo, pamodzi ndi pulogalamu yake ya maakaunti. Mlendoyo am'dulira njira ya ku intaneti kuti mbala zisam'peze, pamene makalata ndi zina zonse zipita kudzera kwa mwini nyumba. Mabuku akale apulumuka, ndipo tebulo likhala ndi makina amodzi.

Laciwiri ndi la ophunzira. Mnyamata kapena mtsikana wofuna nchito ya makompyuta ayenera kudziwa Linux, pakuti makompyuta ambiri amene asunga masamba a pa intaneti ayendera iyo. Koma ndani angalole mwana kufafaniza Windows pa kompyuta ya sukulu kapena ya makolo kuti ayesere? M'cipinda ca mlendo mulibe mantha otere. Wophunzira angaike Ubuntu, mtundu wa Linux umene Mark Shuttleworth wa ku South Africa anayambitsa m'caka ca 2004, nayamba kuyesa ciliconse. Asanayambe angajambule m'mene mlendoyo aliri, cimene acha snapshot, ndipo akaononga zinthu angobwerera pa cithunzi cija m'kamphindi kocepa. Munthu aphunzira msanga pamene kulakwa sikum'lipiritsa.

Lacitatu ndi la mabungwe akulu. Kale ofesi inali kugula kompyuta yosiyana ya nchito iliyonse: iyi ya makalata, iyo ya malipiro, inayo ya mafailo, ndipo iliyonse inali kudya magetsi usana ndi usiku ngakhale nchito yake inali yocepa. Tsopano zonsezi zingakhale alendo m'makina amodzi amphamvu. Tonse tikumbukira cilala ca 2024, pamene madzi anacepa m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Pa nthawi yotere n'kwapafupi kudyetsa makina amodzi ndi mabatire kapena mphamvu ya dzuwa kusiyana ndi kudyetsa asanu.

Komabe walira mvula walira matope, ndipo cenjezo liyenera kumveka bwino lomwe. Coyamba, alendo onse adya za m'nkhokwe imodzi. Windows 11 yokha ifuna memori yosacepera 4 GB. Kompyuta imene memori yake yonse ndi 4 GB ilibe codyetsa mlendo. Ya 8 GB ingasunge mmodzi wosadya kwambiri. Ya 16 GB ndiyo ipuma bwino. Wofuna kuika Windows yakale, Linux ndi zina zambiri pa makina ofooka adzaona zonse zikukwawa ngati nkhono. Ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Caciwiri, mlendo sathawa lamulo. Windows yoikidwa m'cipinda ca mlendo ifuna laisensi monga Windows ina iliyonse, ndipo Apple ilola macOS kuyenda pa makina a Apple okha. Ofesi ya boma kapena sukulu isadzinamize kuti pakuti kompyutayo ndi yongoyerekezera, laisensi nayo ingakhale yongoyerekezera.

Cacitatu ndico cacikulu kopambana. Nyumbayi ili ndi denga limodzi, ndipo likagwa ligwera onse. Disiki ya mwini nyumba ikafa, kapena mbala zikanyamula makinawo usiku, alendo onse apita pamodzi ndi zithunzi zao, pakuti snapshot ikhala pa disiki yomweyo. Mwai wake ndi wakuti mlendo yense wathunthu ndi mafailo owerengeka cabe. Muzimeni bwino, mum'kopere pa disiki ina mlungu uliwonse, ndipo disikiyo muisunge m'nyumba ina. Tsiku la tsoka mudzangom'tsegula pa kompyuta ina ndi kupitiriza nchito. Ndiponso kumbukirani kuti Windows yakale ikhalabe yakale. Mukatsegula foda yoti mlendo ndi mwini nyumba agawane, mwaboola khomo pakati pao, ndipo kacilombo ka pa kompyuta kangadzere pomwepo.

Aphunzitsi akulu a masukulu nao amve ici: pulogalamu yonga VirtualBox icurukitsa akapitao, koma sicurukitsa mipando. Sikirini ikhalabe imodzi ndipo kiyibodi imodzi. Ana makumi anai sangakhale pa kompyuta imodzi kamba kakuti mwaikamo alendo atatu.

Wofuna kuyesa ayambe pang'onopang'ono. Atenge pulogalamuyo ku tsamba la eni ake, osati kwa munthu wa pa mseu. Ikakana kuyenda, kawirikawiri cifukwa cake n'cakuti thandizo la purosesa lija, lochedwa VT-x pa Intel kapena AMD-V pa AMD, ndi lozimitsidwa mu BIOS, ndipo katswiri aliyense angaliyatse msanga. Mlendo woyamba akhale Linux, popeza ndi waulere, ndipo maakaunti a bungwe asasamutsidwe kufikira munthu atazolowera.

Pomaliza, mau kwa inu amene musaina mapepala ogulira katundu m'maofesi, m'makhonsolo ndi m'makopaletivu. Ndalama zimene mugwira ndi thukuta la anthu. Wina akadza kunena kuti pafunika kompyuta yaciwiri cifukwa pulogalamu yakuti siyenda pa imene ilipo, muyambe mwafunsa ngati kuonjezera memori ndi kuikamo mlendo sikungathetse bvutolo, pakuti nthawi zambiri memori ndi yochipa kuposa makina atsopano. Akati n'zotheka, funsani funso laciwiri musanasaine: kodi makope a mlendoyo adzasungidwa kuti, ndipo adzawasunga ndani?

Mlungu wa mawa tidzakamba za kasungidwe ka makope amenewa. Tsalani bwino.