Kompyuta yakale ya magemu: ikonzeni, koma mudziwe poimila

M'nyumba zambili muno mu Lusaka muli kompyuta ya pa tebulo imene inayamba umoyo wake mu ofesi. Ni zija za Dell OptiPlex kapena HP, zobwela zogwilapo kale nchito monga salaula. Anazipangila kulemba makalata na kuwelengela ndalama. Manje acinyamata afuna kusewelapo GTA V, Fortnite na EA Sports FC, gemu ija tinali kuichula kuti FIFA mpaka mu 2023. Funso imagwela amene agwila cikwama: tiikemo ndalama m'makina aya, kapena tiyambe kusungila ena?

Ine niti ikani ndalama, koma kamodzi cabe.

Yambani na zochipa. Ngati makina akali na hard disk ija yozungulila, ikani SSD. Kompyuta imene inali kutenga nthawi yowilitsa tiyi kuti iyake idzayamba kuyaka m'masekondi. Ndiyeno onani RAM. Masiku ano 8GB ni poyambila cabe, 16GB ndiye yabwino. Cotsani fumbi mkati, ikani thermal paste yatsopano pa processor, cifukwa makina akatentha amacepetsa okha liwilo. Izi zimathandiza ngakhale mwana wa sukulu polemba ma assignment, ndiye ndalama yake siitayika.

Cinthu cimene cimanyamula gemu kweni-kweni ni graphics card, ndipo apa m'pamene ambili amalila. Makompyuta a mu ofesi ali na kabokosi kopyapyala komanso power supply yaing'ono, kambili yosafika pa 300 watts. Khadi yaikulu siingalowemo, ndipo ikalowa magetsi sayikwanila. Yoyenela ni khadi yaifupi monga GTX 1050 Ti ya mu 2016 kapena GTX 1650 ya mu 2019, zimene mitundu yake yambili imadya 75 watts kucokela pa motherboard popanda waya wina. Na khadi yotele GTA V na Fortnite zimayenda bwino, malinga simukweza zithunzi mpaka kumapeto.

Pamenepo imani. Mukafika poganiza zosintha processor, mwalowa m'dzenje. Processor yatsopano ya Intel siikwana pa motherboard ya zaka khumi zapitazo. Motherboard yatsopano siilandila RAM ya DDR3. Power supply nayo ifuna kusintha, bokosi nalo lacepa. A dalaivala a minibasi aidziwa bwino nkhaniyi: waika injini mu Hiace yotopa, mawa giya bokosi yakana, mkuca ni diff, pamapeto walipila mtengo wa basi ina koma ukali kuyendetsa cigoba cakale. Amwayi ni aja ali na motherboard ya AMD ya AM4, cifukwa zambili zimalandila Ryzen 5000 mukangokonza BIOS.

Palinso cipupa cina cimene ndalama siingagwetse. Microsoft inaleka kusamalila Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 ifuna TPM 2.0 na processor ya Intel ya m'badwo wa 8 kupita kutsogolo. Magemu atsopano monga Battlefield 6 nawonso afuna TPM 2.0 na Secure Boot. Ngati makina anu ni Core i5 ya m'badwo wa 3 kapena 4, magemu akale adzasewela, koma a kutsogoloku musawayembekezele.

Ena amati, "Kaili gulani cabe PS4 yogwilapo nchito." Ngati colinga ni bola yokha, akamba zoona, ndiye cifukwa cake tumashopu twa magemu m'makomboni tumakonda PlayStation. Koma PS4 siilemba CV, siiphunzitsa mwana Excel. M'nyumba ya makina amodzi, kompyuta ikali patsogolo.

Musaiwale malaiti. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi ku Kariba, tonse tinaona mmene load shedding imatalikila. Desktop ilibe batile, ndipo magetsi akabwela mwamphamvu angawoche khadi imene mwagula dzulo. Surge protector iwelengeleni pamodzi na mtengo wa khadi. Mabando nawonso ni ndalama, pakuti gemu imodzi yaikulu ingapitilile 100GB.

Pogula, nyamulani kompyuta yanu ngakhale kondakitala akulipilitseni mpando wina. Khadi aiikemo pamaso panu, gemu iyende kwa mphindi 20, muone ngati siizima kapena kuonetsa mizele pa sikilini. Wogulitsa akakana, bwezani ndalama m'thumba.

Musanacoke panyumba, lembani mitengo yonse papepala: SSD, RAM, khadi, surge protector. Ikapitilila hafu ya mtengo wa kompyuta ina ya m'badwo wa 8, lekani. Yakaleyo isiyileni ana a sukulu, imwe lowani cilimba.