Konzani masipika, koma musagonthetse anthu

Nyengo yogulitsa zokolola ikafika, ndalama za cimanga, soya, thonje ndi fodya zimayamba kuoneka m'matumba, ndipo ena mwa alimi athu amene ali ndi galimoto amaganiza zoikonzako pang'ono. Pakati pa zinthu zimene zimagulidwa pa nyengo imeneyi pali wailesi yatsopano, masipika ndi ampulifaya. Ife sitiona colakwa pamenepo. Munthu amene wakhetsa thukuta caka conse ali nao ufulu womvera nyimbo za kwaya kapena nkhani za pa wailesi momveka bwino pamene ali pa ulendo. Cimene citidetsa nkhawa ndi cakuti ambiri amagula phokoso poganiza kuti agula mau abwino, ndipo mtengo wake amaulipira ndi thumba, galimoto ndi makutu ao.

Tiyambe ndi wailesi yeniyeniyo. Magalimoto ambiri amene ali m'miseu yathu anabwera kucokera ku Japan atagwirako kale nchito. Wailesi za m'magalimoto akale a kumeneko zimagwira FM kuyambira pa 76 kulekezera pa 90 cabe, pamene nyumba zoulutsira mau za kuno zili pakati pa 87.5 ndi 108. Ndiye cifukwa cake mwini galimoto amadabwa kuti masiteshoni ambiri sakuwapeza. Vuto limeneli silithetsedwa ndi ampulifaya. Limathetsedwa ndi kacipangizo kocepa kamene amalumikiza ku waya wa eliyo, kapena posintha wailesiyo. Kwa mlimi amene afuna kumva za mvula, mitengo ya mbeu ndi zidziwitso za maliro, apa ndi poyambira.

Caciwiri ndi masipika. Amene amabwera ndi galimoto ambiri ali ndi nkhope ya pepala, ndipo dzuwa, fumbi ndi madzi olowa m'zitseko nthawi ya dzinja zimang'amba pepalalo. Sipika yong'ambika imacita nthetenya ngakhale muikepo mphamvu yotani. Kusintha masipika awiri a m'zitseko za kutsogolo, kuwamanga zolimba ndi kumata zitsulo zimene zimanjenjemera kumasintha mau kwambiri pa mtengo wocepa. Woikayo aonetsetse kuti waya wa + ndi wa − sanasinthanitsidwe pa sipika imodzi, cifukwa zikatero masipika awiriwo amalimbana ndipo mau akuya amasowa. Ambiri akacita izi zokha amapeza kuti ampulifaya sakuifunanso.

Amene afunabe ampulifaya acenjere ndi manambala olembedwa pa katoni. Akuluakulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Katoni yolembedwa mawati 2,000 kapena 3,000 ndi zilembo za PMPO kapena MAX ikunena mphamvu ya kanthawi kocepa ngati kuphethira kwa diso, mwinanso nambala yongokopera ogula. Nambala yodalirika ndi imene ili ndi zilembo za RMS. Wailesi yolembedwa 50 kane nthawi zambiri imapereka mawati pafupifupi 20 a RMS ku sipika iliyonse, ndipo imeneyo ndi mphamvu yokwanira kudzaza galimoto yaing'ono. Dziwaninso kuti kuwirikiza mphamvu kawiri sikuwirikiza mau kawiri. Kumangoonjezera madesibelo 3, kusintha kumene khutu limamva pang'ono cabe. Ndipo masipika ambiri amapsa cifukwa ca kukweza ampulifaya mpaka mau ayamba kusweka.

Walira mvula walira matope. Ampulifaya imadya magetsi, ndipo magetsiwo acokera ku alitaneta ndi batire. Ampulifaya ya mawati 500 a RMS ikamagwira nchito mwamphamvu imakoka maampu oposa 40, pamene alitaneta ya galimoto yaing'ono nthawi zambiri sifika maampu 100, ndipo iyenera kudyetsanso nyale, fani ndi injini. Mukaona nyale zikuphethira pamodzi ndi ng'oma usiku, dziwani kuti galimoto ikudandaula. Batire ikathera pa golosale ya m'tauni mudzapeza okukankhani, koma ikathera kudimba usiku ndi matomato kumbuyo, mwataya msika wa m'mawa. Eni malole aang'ono, monga ma Canter ambiri amene ali ndi mabatire awiri a mavoti 24, asalole kuti ampulifaya ya mavoti 12 ilumikizidwe ku batire imodzi yokha. Kutero kumapha mabatire onse awiri msanga. Pafunika cipangizo cotsitsa mavoti.

Coopsa koposa ndi moto. Waya wocokera ku batire kupita ku ampulifaya uyenera kukhala wonenepa mokwanira, ndipo ukhale ndi fiyuzi pafupi ndi batire, osapitirira masentimita 45. Podutsa pa citsulo upite m'kati mwa kamphira koteteza. Waya wopanda fiyuzi ukakhuzika pa citsulo m'miseu yathu ya mabampu umafiira ngati khala pansi pa kapeti, ndipo galimoto imene munthu anaisungira ndalama zaka zisanu imatha m'mphindi zocepa. Mwambo womanga kawaya m'malo mwa fiyuzi yakupsa uleke. Nchito imeneyi ipatsidwe kwa makaniko wa zamagetsi wodziwa, osati mnyamata aliyense amene ali ndi pulayazi ndi selotepi.

Komabe galimoto ikapsa ina ingagulidwe, koma khutu liribe sitolo. M'kati mwa khutu muli tizinthu tating'ono ngati ubweya timene timalandira mau, ndipo tikaonongeka ndi phokoso sitimeranso. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati munthu wamkulu angamvere mau a madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata popanda ngozi, koma akafika pa 90 nthawiyo imatsika kufika pa maola 4 okha. Kukambirana kwa anthu awiri kumakhala pafupifupi madesibelo 60. Mu 2015 bungwe lomweli linacenjeza kuti acinyamata oposa biliyoni imodzi ali pa ngozi yogontha cifukwa ca kamveredwe koipa ka nyimbo. Simufunika makina kuti mudziyese. Ngati muyenera kukuwa kuti amene mwakhala naye pa mpando akumveni, mwakweza kwambiri. Ngati makutu alira mukatsika, ayamba kale kuvulala.

Apa tilankhule ndi eni maminibasi. Dalaivala ndi kondakitala amakhala m'phokoso kuyambira m'bandakuca mpaka usiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Mai wonyamula khanda, kapena agogo opita ku cipatala, amakhala pamwamba pa bokosi la masipika pansi pa mpando wa kumbuyo ndipo alibe pothawira. Iwo analipira ulendo, sanalipire dansi. Wokwera akapempha kuti nyimbo zitsike, ameneyo si wovuta, ndipo sayenera kuyankhidwa mwacipongwe.

Palinso nkhani ya pa mseu. Woyendetsa amayendetsa ndi maso komanso ndi makutu. Ayenera kumva hutala ya lole imene ikumupitirira pa Great East Road, kulira kwa ambulansi, sitima pa mphambano ya njanji, belu la njinga, ndi mau a mnyamata wokusa ng'ombe kapena woyendetsa ngolo. Ayeneranso kumva galimoto yake, popeza tayala kapena buleki imayamba kudandaula isanalephere. Tipempha a RTSA ndi apolisi a pa mseu kuti pa maphunziro ao kwa oyendetsa magalimoto onyamula anthu asaiwale nkhani ya phokoso.

Ndipo kwathu kuno munthu sakhala yekha. Podutsa pa nyumba ya maliro timavula cipewa, wa njinga amatsika, ndipo wa galimoto ayenera kuzimitsa wailesi. Cimodzimodzi pafupi ndi chalichi pa nthawi ya mapemphero, pa sukulu ndi pa cipatala. Galimoto yoimikidwa pa bala zitseko zili pululu mpaka pakati pa usiku imalanda tulo anthu amene adzapita kumunda tambala woyamba. Mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo ali nayo mphamvu yolangiza pa zimenezi, ndipo ayambe ndi magalimoto a anthu ao.

Cotero uphungu wathu ndi uwu. Musanagule ziwiya za nyimbo, patulani ndalama za fetereza, mbeu ndi sukulu, ndipo yang'anani matayala ndi mabuleki. Zikatsala, yambani ndi wailesi yogwira masiteshoni a kwanu, kenaka masipika abwino, ndipo ampulifaya ikhale yomaliza, ya mphamvu yolingana ndi masipikawo, yoikidwa ndi fiyuzi. Nyimbo yokoma ndi imene mumva mau a woimba aliyense m'kwaya uku mukuceza ndi mnzanu pambali. Makutu amene mukumvera nyimbo lero ndi omwewo amene mudzafuna kumvera adzukulu anu mukadzakalamba.