SITIMA YA MALASHA NDI ANTHU A KUGOMBE

Abale ndi alongo a m'nthambi yathu, ambiri a inu mwaiona sitima ya malasha ikudutsa pa Nkaya kulinga ku Liwonde ndi Nayuchi, mabogi ake ochuluka mwakuti mwana amatopa asanathe kuwawerenga. Ana a m'kalasi mwanga anandifunsa tsiku lina kumene imathera, ndipo ndinawalozera pa mapu: ku Nacala, pa gombe la nyanja yamchere, kumpoto kwa dziko la Mozambique. Tsono tiyeni tikambeko za gombe limenelo, pakuti zimene zaoneka kumeneko zingathe kuoneka kuno.

Chuma chilipo, ndipo wokana zimenezi ngwabodza. Doko la Nacala ndi lakuya mwa chilengedwe, kotero kuti zombo zazikulu zimakocheza popanda vuto. Njanji yathu inalumikizidwa ndi dokoli m'chaka cha 1970. Pambuyo pake kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga ndi kukonza njanji ya makilomita 912 yochokera ku migodi ya Moatize, kudzera m'dziko lathu, ndipo inatsegulidwa mwamwambo m'chaka cha 2017. Kumpoto kwenikweni, kufupi ndi tauni ya Palma, anapeza gasi wambirimbiri pansi pa nyanja m'chaka cha 2010, ndipo ntchito yomukumba imene kampani ya Total inadzaitenga inawerengedwa madola 20 biliyoni.

Koma kodi msodzi wa ngalawa anapindula chiyani? Anthu a m'mudzi wa Quitupo anasamutsidwa kuti malo awo akhale a fakitale ya gasi, napatsidwa nyumba zatsopano ku Quitunda. Nyumba yamalata njabwino, sititsutsa, koma msodzi amadya za m'madzi, ndipo ambiri anadandaula kuti aikidwa kutali ndi madoko awo ndi minda yawo. Ntchito za malipiro abwino zinafuna anthu ophunzira, pamene chigawo cha Cabo Delgado chinali m'gulu la zigawo zotsalira kwambiri pa sukulu. Ine monga mphunzitsi, apa mpamene mtima umandiwawa koposa.

M'mwezi wa October 1917 ayi, abale, si nkhani ya makolo: munali mu October 2017 pamene zigawenga zinathira nkhondo tauni ya Mocímboa da Praia. Mu March 2021 zinalowa mu Palma mwenimweni, anthu ambiri anaphedwa, ndipo mwezi wotsatira Total inaimitsa ntchito. Pofika 2022 anthu pafupifupi miliyoni imodzi anali atathawa m'midzi mwawo. Sitikunena kuti gasi ndiye anabala nkhondo, pakuti zifukwa zake nzambiri, zina za chipembedzo, zina zochokera kunja. Koma mnyamata amene amaona chuma chikudutsa pakhomo pake iye ali wopanda ntchito savuta kunyengedwa. Walira mvula walira matope, inde, koma matope amenewa anagwera amene sanaitane mvulayo.

Ku Nacala komweko anamanga bwalo la ndege lokongola m'chaka cha 2014 ndi ndalama za ngongole, ndipo kwa zaka zambiri ndege zinkatera mwa apo ndi apo.

Tsono mverani mbali imene ndifuna muisunge. M'chaka cha 2009 maboma a Mozambique, Brazil ndi Japan anagwirizana za ntchito yotchedwa ProSavana, yakuti atukule ulimi m'maboma 19 a m'mbali mwa njanji, m'zigawo za Nampula, Niassa ndi Zambézia. Alimi a makasu anaona kuti mapulani akulembedwa iwo osafunsidwa, ndipo anaopa kuti minda yawo isanduka mafamu akuluakulu a soya wogulitsa kunja. Analibe ndalama, analibe maloya ambiri, koma anali ndi bungwe lawo la alimi, la UNAC. Anachita misonkhano m'midzi, ndipo m'chaka cha 2013 analemba kalata yoonekera kwa atsogoleri a mayiko atatuwo. Anthu ena a ku Japan ndi ku Brazil anawathandiza kufunsa mafunso kwawo. Inatenga nthawi, koma m'chaka cha 2020 ProSavana inathetsedwa, minda ili m'manja mwa eni ake.

Ife sitikana chitukuko. Feteleza ndi mafuta zikadzera ku Nacala pa sitima, ulendo wake ngwaufupi kuposa wa malole ochokera ku Dar es Salaam kapena ku Durban, ndipo nandolo wathu angatuluke ndi njira yomweyo. Koma kumene kwadutsa njanji, malo amakwera mtengo, ndipo alendo a zikwama amayamba kugogoda kwa amfumu madzulo. Lamulo la malo a makolo la m'chaka cha 2016 limalola banja kulembetsa munda wake. Ndi angati mwa ife amene achita zimenezi? Ndi angati amene akudziwa malire a dambo la mudzi wawo?

Chifukwa chake pa msonkhano wathu wa Loweruka tidzakamba za malo. Tapempha mafumu athu kuti adzakhale nafe. Amayi musatsale kunyumba, pakuti minda yambiri kuno njanu. Aliyense amene wamva kuti wina akufunsa malo m'mbali mwa njanji adzatiuze pamaso pa onse, ndipo mlembi adzalemba m'buku.