BWALO LA NDEKE LA DAR ES SALAAM LITUMIKIRE ANANSI

Mu Ogasiti 2019 Pulezidenti John Magufuli anatsegula nyumba yacitatu ya apaulendo pa bwalo la ndeke la Julius Nyerere mu mzinda wa Dar es Salaam. Nyumbayi inamangidwa kuti izilandira anthu 6 miliyoni pa caka, ndipo mzinda umene itumikira unali ndi anthu oposa 5 miliyoni pa kalembera wa 2022. Anthu a Tanzania ayenera kunyadira nchito imeneyi. Koma anthu a Zambia naonso asaiwale kuti bwaloli linawapulumutsa pamene linali laling'ono.

Ian Smith atalengeza ufulu wacipongwe wa Rhodesia pa 11 Novembala 1965, Zambia anali ndi caka cimodzi cokha cilandirire ufulu. Mafuta ake anali kudzera kum'mwera, ndipo mkuwa wake unali kutulukira komweko pa njanji. Mu Disembala caka comweco Smith anatseka njira ya mafutayo, ndipo petulo anayamba kugulitsidwa mopimira. Mseu wa Great North Road unali wa fumbi m'cilimwe ndi matope m'dzinja, kotero kuti malole ambiri anali kuthera m'njira. Pamenepo ndeke za Britain zinayamba kututa migolo ya mafuta kucokera ku Dar es Salaam, pambuyo pake ku Nairobi. Mu 1966 kampani ya Zambian Air Cargoes inayamba kuulutsa ndeke za Hercules, zimene zinali kunyamula mkuwa ku Ndola kupita ku Dar es Salaam ndi kubwerako ndi mafuta.

Palibe dziko limene lingatumize mkuwa pa ndeke m'nthawi ya mtendere, pakuti ndeke yomweyo imamwa mafuta oculuka kuti ifikitse mafuta. Atsogoleri Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anali kudziwa zimenezi. Ndico cifukwa cake paipi ya TAZAMA, ya makilomita 1,710, inafika ku Ndola mu 1968, ndipo njanji ya TAZARA inafika ku Kapiri Mposhi mu 1975. Ngakhale lero mlendo wocokera ku bwalo la ndeke, polowa mu mzinda pa mseu wa Nyerere, amapitirira pa sitesheni yaikulu ya TAZARA.

Tsopano katundu wolemera ali ndi njira zake. Nchito yotsalira bwalo la ndeke ndi ya anthu: mayi wa ku Lusaka wokagula nsalu ku Kariakoo, bambo wokaombola galimoto pa doko, wophunzira ndi wodwala. Koma ambiri a iwo amakwera basi yodzera pa Nakonde ndi Tunduma, nagona m'njira, cifukwa mtengo wa tikiti ya ndeke sangaukwanitse. Ulendo umene ndeke imaumaliza m'maola awiri kapena atatu umawadyera tsiku lathunthu ndi usiku wake.

Mbali ina ya vutoli ndi mbiri ya makampani a ndeke a m'dera lino. East African Airways inagwa mu 1977, ndipo Tanzania anayambitsa Air Tanzania caka comweco. Zambia Airways yoyamba inatsekedwa mu 1994. Air Tanzania inatsegula ulendo wa ku Lusaka ndi Harare mu 2019, cimene cinali coyamikika, koma pamene ndeke zili zocepa palibe cokakamiza mwini wake kutsitsa mtengo. Pamwamba pa izo maboma amasanjikiza misonkho ndi malipiro a pa bwalo, ngati kuti aliyense wokwera ndeke ndi mlendo wolemera wodzaona nyama.

Mapangano alipo kale. Mu 1999 nduna za maiko a Africa zinagwirizana ku Yamoussoukro kutsegulirana njira za mumlengalenga, ndipo mu 2018 bungwe la African Union linakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndeke. Zolembedwazo zacedwa kusanduka nchito, cifukwa dziko lililonse lichinjiriza kampani yake.

Nduna zoona za mtengatenga ku Lusaka ndi ku Dodoma siziyenera kudikira Africa yense. Maiko awiri amene anagwirizana kukhala ndi paipi imodzi ndi njanji imodzi angathe kugwirizananso pa zinthu zazing'ono ziwiri: kucepetsa misonkho ya pa tikiti ya pakati pa Dar es Salaam, Lusaka ndi Ndola, ndi kulola kampani iliyonse ya ndeke yokwaniritsa malamulo a citetezo kuuluka m'njira zimenezi.